Waranti ya miyezi itatu ndi "bwerani mawa" wa ogulitsa magalimoto

Makalata ena adikire kaye. Sabata ino ndiyankha amayi ena a ku Chibavi, aphunzitsi, amene anagula Sienta kwa wogulitsa magalimoto konkuno ku Mzuzu. Anawalonjeza waranti ya miyezi itatu pa injini ndi giyabokosi. Mwezi usanathe galimoto yayamba kunjenjemera ikamanyamuka, ndipo wogulitsayo akungoti bwerani mawa. Amayiwa akufunsa kuti achite chiyani.

Amayi, kalata yanu yandiwawa mumtima, chifukwa mawa ameneyu ndinakumana naye.

Yanga inali Nissan Note. Ndinaigula mu 2022, kwacha itangogwa kumene ndi 25 peresenti m'mwezi wa Meyi, aliyense akuthamangira kugula mitengo isanakwerenso. Ndalama zake zinali za ngongole ya ku SACCO kuphatikiza zomwe mayi a kunyumba anatenga ku banki nkhonde. Pamalo ogulitsirapo magalimoto anali atawandandalika bwino, matayala opakidwa polishi, mapepala a Chijapani akadali pagalasi lakutsogolo. Mwini malo anandilandira ndi manja awiri, anatuma mnyamata kukagula Fanta. "Achimwene, iyi yatsika dzulo pa Songwe. Chikavuta chilichonse ine ndilipo, ndine munthu wa konkuno, ndingathawire kuti?" Ndinawapempha kuti miyezi itatuyo ailembe pa lisiti. Anaseka, akuti kodi sitikhulupirirana, koma analemba ndi bolopeni pansi pa mtengo, n'kusaina.

Vuto linaonekera pobwera kuchokera ku Nkhata Bay, pa zitunda zija zokwera kulowa mu Mzuzu. Ndikuponda mafuta, injini ikulira, singano yakwera, koma galimoto osakoka. Kenako kanyali kachikasu pa dashibodi kanayaka. Mmawa mwake ndinali pakhomo pawo.

Poyamba ulemu unali wonse. Akuti ndi oyilo chabe. Makaniko wawo analumikiza kamakina pansi pa chiwongolero, anadinadina, kanyali kanazima, n'kundipatsa makiyi kuti zatheka. Sanamasule ngakhale bawuti imodzi. Anangofufuta uthenga umene kompyuta ya galimoto inasunga, matenda ali pomwepo. Kanyali katayakanso nkhani inasintha: sipeya ikuchokera ku Dar es Salaam. Kenako sipeya yatsekeredwa pa boda. Kenako madola sakupezeka. Kenako foni inasiya kuyankhidwa, ndikapita ndimapeza mnyamata wotsuka magalimoto yekha, maso pansi, akuti bwana atuluka pang'ono. Tsiku limene tinakumana, munthu uja anali wina. Sindinalinso achimwene. "Bambo, kodi galimotoyi mumaiyendetsa misewu yanji? Simunathiremo mafuta a m'zigubu?"

Apa ndiye ndinene mosabisa. Kuzengereza kumeneku si kutanganidwa ayi, ndi njira yogwirira ntchito. Wogulitsa akuwerenga masiku. Akudziwa kuti miyezi itatu ikakwana adzatambasula manja n'kunena kuti waranti inatha, ndipo inu simudzakhala ndi chosonyeza kuti munadandaula nthawi ikadalipo, chifukwa zonse munakambirana chiimirire padzuwa. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Lonjezo limene silinalembedwe, dandaulo limene lilibe deti, zonsezo n'za pachala.

Tiyeneranso kumvetsa chifukwa chake amakakamira chonchi. Ambiri mwa anthuwa galimoto amene akukugulitsaniyo sakumudziwa. Anamuona pa zithunzi pa intaneti, analipira, sitima inamutsitsa ku Dar es Salaam, dalaivala wolembedwa ganyu anamuyendetsa kudzera ku Morogoro, Iringa, Kasumulu, Songwe, Karonga, kukwera Chiweta mpaka kuno, mtunda woposa makilomita 1,000, ali pa liwiro kuti akatengenso ina. Magalimoto ang'onoang'ono ambiriwa ali ndi giyabokosi ya CVT, yomwe m'kati mwake muli lamba wachitsulo woyenda pa mapule awiri. Imafuna oyilo wakewake, ndipo ikatenthedwa kapena ikathiridwa oyilo wolakwika lambayo amayamba kuterereka. Ku Japan kulibe amene adzabweze ndalama ya giyabokosiyo. Waranti imene anakulonjezani ituluka m'thumba mwake, n'chifukwa chake akuzemba. Kusowa kwa madola n'koona, kwacha inagwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 ndipo masipeya anakwera mitengo koopsa. Ndimawamvetsa. Koma lonjezolo ndi limene linakuchititsani kugula kwa iye osati kwa mnzake wa pafupi, ndiye linalowa kale mu mtengo umene munalipira. Sakukuchitirani chifundo pokonza. Ndi ngongole yake.

China chimene chimandipweteka ndi manyazi athu. Mzuzu ndi waung'ono. Wogulitsayo mumapemphera naye limodzi, mumakumana pa maliro ku Zolozolo, mwana wake mwina ali m'kalasi mwanu. Ndiye timaopa kutchedwa ovuta, timalankhula monyengerera ngati tikupempha mchere, pamene tikufunsa chinthu chathu chomwe. Kwa amayi n'zoposa. Ndamvapo ndi makutu anga mzimayi akuuzidwa kuti abwere ndi abambo akunyumba kuti adzamvane bwino za injini, chikhalirecho ndalama anatulutsa ndi iyeyo. Zimenezi ndimadana nazo. Amene analipira ndiye woyenera kuyankhidwa.

Ndipo pasapezeke wokuuzani kuti galimoto ili bwino poti ili ndi COF, chiphaso chosonyeza kuti ndi yoyenera kuyenda pamsewu. Ku Road Traffic amaona mabuleki, magetsi, matayala ndi zina zokhudza chitetezo pamsewu. Satsegula giyabokosi.

Nanga lamulo lili mbali iti?

Lili mbali yanu kuposa momwe ogulitsa amafunira kuti mudziwe. Tili ndi lamulo loteteza ogula la Consumer Protection Act la 2003, komanso Competition and Fair Trading Act latsopano la 2024 limene linalowa m'malo mwa la 1998. Bungwe la Competition and Fair Trading Commission, CFTC, limalandira madandaulo a ogula, limafufuza, ndipo lakhala likuchenjeza amalonda kuti mawu aja akuti katundu akagulidwa sabwezedwa ndi osaloledwa. Bungwe la Consumers Association of Malawi, CAMA, nalonso limayankhulira ogula. Ine chimene chinasuntha nkhani yanga ndi kalata. Ndinalemba tsamba limodzi: tsiku logula, mawu a pa lisiti, tsiku limene vuto linayamba, zimene ndikufuna, ndi chiganizo chimodzi chonena kuti zikapanda kutheka ndikadandaula ku CFTC. Ndinaphatikiza pepala la makaniko wina wa ku Luwinga amene anaiyeza pa makina n'kulemba zimene anapeza. Makope awiri, imodzi anasaina mnyamata uja n'kundibwezera. Sipeya yomwe inali pa boda nthawi yonseyi inapezeka. Anaikamo giyabokosi yogwirapo kale ntchito, osati yatsopano, ndipo anayesa kuti ndilipire makaniko. Ndinakana, poti lisiti silinanene kuti waranti ndi ya chitsulo chokha.

Tsono inu amayi, lero lomwe lembani kalata yotere, ikani deti, perekani masiku omveka, asanu ndi awiri kapena khumi ndi anayi, ndipo musunge kope yosainidwa. Ngati warantiyo inali ya pakamwa, mutumizireni uthenga pa WhatsApp womukumbutsa miyezi itatu imene analonjeza pa injini ndi giyabokosi. Akangoyankha kuti bwerani mawa tikonza, jambulani uthengawo, wavomereza yekha. Pitani kwa makaniko wina akaiyeze pa makina ndi kukulemberani, koma asamasule kanthu, chifukwa akangotsegula giyabokosi wogulitsa adzati mwaiononga nokha. Chepetsani kuiyendetsa, makamaka ku zitunda. Mukaisiya ku galaji kwawo lembani makilomita, jambulani batire ndi matayala, ndipo asaine kuti ailandira. Masiku amene mwapereka akadutsa, pitani ku CFTC ndi mapepala onse. Zikakanika kumeneko khoti la majisitireti lilipo, ndipo a Legal Aid Bureau ali ndi ofesi konkuno.

M'kalata yanu simunanene ngati blue book (chikalata cha umwini wa galimoto) ili kale m'dzina lanu. Ngati sinasinthidwe, muifunse m'kalata yomweyo, ndipo musasiye galimoto m'manja mwawo mapepala a umwini asanakhale anu.