Kwa achemwali amene sitima yawo inalambalala Portuguese Island

Achemwali, pepani kwambiri. Ndawerenga zimene mwalembazi kawiri konse. Mwaponya chipereganyu chaka chathunthu, mwaitanitsa amayi kuchokera ku Dedza kuti adzaone nyanja yamchere, mwakwera cruise, sitima ya ulendo wokasangalala panyanja, pa Durban, kenako m'mawa wa tsiku lotsika pa Portuguese Island kaputeni akulengeza kuti palibe wotsika. Mawa lake mwaima pa Maputo, amayi miyendo yawavuta ndiye mwatsala m'sitima, koma mukupeza mashopu otseka, kasino yotseka, lesitilanti yaikulu yosatsegula masana, dziwe losambira alitchinga ndi ukonde. Funso lanu ndi lakuti: atibera kodi, ndipo ndalama ibwerera?

Ine ndinagwirapo ntchito m'sitima zoterezi makontrakiti anayi, poyamba kutsuka mbale, kenako kuperekera zakudya patebulo. Kampani sinditchula, ndipo sindikuikira kumbuyo aliyense, anthu aja anandikhetsa thukuta mokwanira. Koma zina zimene alemba anzathu ena pokuyankhani, zoti makaputeni amachita dala kuti anthu azingogula mowa m'sitima, si zoona, ndipo mukapita nazo ku ofesi yawo adzangokusekererani mwaulemu n'kukuperekezani pakhomo.

Tiyambe ndi chilumbacho. Portuguese Island ilibe doko. Ndi kachilumba ka mchenga pafupi ndi Inhaca, pakamwa pa Maputo Bay, ndipo madzi ozungulira pamenepo ndi osaya. Sitima yaikulu imaponya nangula patali, anthu n'kumatutidwa ndi maboti ang'onoang'ono, amene m'sitima timawatcha ma tender. Amene munakwerapo Ilala kwathu mukuzidziwa izi: malo ngati Usisya sitima imaima pakati pa madzi, anthu, ana kumsana, matumba a ufa, zonse kutsikira m'boti. Kusiyana kwake n'kwakuti apa tikunena za anthu zikwi ziwiri kapena kuposa, ambiri a iwo sanapondepo m'boti chibadwire, ena akuyendera ndodo, ena alawako kale m'mawa womwewo.

Malo oopsa si pakati pa ulendo wa botilo ayi. Ndi pakhomo paja pamene boti limagundana ndi sitima. Sitima imakhala ngati yaima chilili, koma boti likukwera n'kutsika ndi mafunde. Mukatambasula mwendo kuti mupondemo, botilo latsika mpaka m'chiuno. Mukati mubwerere, lakwera. Ndinaonapo bambo wina wamphamvu zake ndithu atagwidwa m'khwapa ndi anyamata awiri, nkhope itatuwa, sandasi imodzi itapita m'madzi. Tsopano ganizirani amayi anu, amene mwanena kuti miyendo imawavuta.

Mwalemba kuti kunja kunali kowala bwino, dzuwa lili phwee, mphepo yosadetsa nkhawa. Ndikukhulupirirani. Koma panyanja yamchere pali mafunde ena aatali, oyenda mwakachetechete, ochokera kumene kwachita mkuntho masiku awiri apitawo, mwina kufupi ndi Madagascar uko. Mukaima pamwamba pa sitima simungawaone bwino, mumangoona ngati madzi akupuma. Boti laling'ono ndi limene limawamva. Komanso kaputeni sayang'ana za m'mawa zokha. Kutsitsa anthu 8 koloko n'kosavuta. Mutu umamuwawa ndi za 3 koloko masana. Atatsitsa khamu lonselo kenako nyanja n'kukalipa, anthuwo agona pati? Pachilumbapo palibe malo ogona anthu zikwi, ndipo ena mankhwala a shuga ndi a BP awasiya m'chipinda. Choncho amalolera kutukwanidwa m'mawa.

Ndiponso mawu omaliza pankhaniyi ndi ake. Pangano la mayiko la chitetezo cha panyanja, la SOLAS, limanena kuti mwini sitima kapena wina aliyense asaletse kaputeni kuchita chimene waona kuti n'chofunika poteteza miyoyo. Ife Amalawi nkhani ya nyanja tisamaiphunzire kwa ena. Mu July 1946 sitima ya Vipya inamira kumpoto kwa nyanja yathu nyengo ya mwera, anthu 145 anathera pomwepo. Agogo a kunyanja amaikambabe.

China chimene otsatsa malonda sanena mokweza: nyengo ya ma cruise a pa Durban, kuyambira cha mu November mpaka cha mu April, ndi nyengo yomweyo ya anamondwe m'nyanja ya pakati pa Mozambique ndi Madagascar. Idai anagunda Beira mu March 2019. Freddy anazungulira mu February ndi March 2023, ndipo zimene anachita ku Blantyre, Mulanje ndi Phalombe sindikufuna kuzikumbutsa. Sikuti namondwe achite kufika pamene muli. Ali kutali komweko mafunde ake amakupezani.

Nanga zoti kampani imapindula mukalephera kutsika? Inde, tsiku limenelo bala imadzaza, sindikana. Koma tsiku lomwelo kampani ikubweza ndalama za maulendo onse apamtunda amene anthu analipira, sitima ikuwotcha mafuta kuyendayenda m'malo mongokhala pa nangula, ndipo ku reception mzere wa anthu okwiya wafika pa masitepe. Kukhitchini ndiye kumakhala chipwirikiti, chifukwa chakudya chimene chinakonzedwa kuti chikadyedwe kugombe chiyenera kusinthidwa msangamsanga, ndipo ife amene timayembekezera kupumako masana timaitanidwanso. Tsiku lolambalala doko palibe wogwira ntchito amene amalikonda.

Tsopano za ndalama, poti ndi pamene pagona nkhani. Ndikuuzani mosapsatira: ndalama ya tikiti musaiyembekezere. Pamene mumalipira munavomereza mfundo zija zolembedwa timalemba ting'onoting'ono, zimene tonse timangodina osawerenga. M'menemo makampani onse amene ndikuwadziwa analemba kuti akhoza kusintha njira, kuchotsa doko kapena kuika lina chifukwa cha nyengo, chitetezo kapena lamulo la boma, popanda chipukutamisozi. Kunena kwina, chimene munagula ndi chipinda, chakudya ndi masiku m'sitima. Chilumba chinali pa chithunzi.

Koma musangokhala chete, zilipo zanu. Ngati munalipira kudzera m'sitima ulendo uliwonse wa pachilumbapo, kaya boti lopita ku Inhaca, kaya malo okhala pamthunzi kugombe, imeneyo iyenera kubwerera yonse. Kawirikawiri amaibweza pa akaunti ya m'sitima ija yolumikizidwa ndi khadi la chipinda, ndiye yang'anani pepala la bilu limene anakupatsani tsiku lomaliza. Anthu ambiri amalitaya osaliwerenga. Yang'ananinso pa invoice ya tikiti ngati pali mzere wa msonkho wa madoko. Makampani ambiri amabweza gawo la doko limene simunafikeko. Ndi kandalama kochepa, musayembekezere kugulira mbuzi, koma ndi kanu. Ngati munagula inshulansi ya ulendo, werengani ngati ikutchula za kulephera kufika padoko. Zina zimalipira kangachepe pa doko lililonse, koma zimafuna kalata yochokera ku sitima yotsimikiza kuti simunaime ndiponso chifukwa chake. Kalata imeneyi imapezeka mosavuta mukadali m'sitima. Poti mwatsika kale, ipempheni pa imelo.

Polemba imeloyo, chonde achemwali, mtima pansi. Nambala ya booking, masiku a ulendo, doko limene linalephereka, zimene munalipira padera, ndi chimene mukupempha. Basi. Mutchule kuti munali ndi mayi wachikulire amene munachita kuwaitanitsa kuchokera ku Malawi. Nthawi zina amapereka kuchotsera pa ulendo wina, osati poti lamulo lawakakamiza koma pofuna kuti mudzabwerenso. Ngati munagula kudzera kwa agent, mukankhireni iyeyo, komishoni anadya. Akakana kubweza ngakhale ndalama ya zinthu zimene simunalandire, pamenepo ndiye mukhoza kutchula lamulo loteteza ogula, Consumer Protection Act ya 2008 ya kuno ku South Africa.

Anzathu a ku UK amene mumakwerera pa Southampton, kwanuko kuli malamulo oteteza ogula maulendo, Package Travel Regulations ya 2018. Kampani ikasintha kwambiri ulendo musananyamuke, muli ndi ufulu wokana n'kulandira ndalama yanu. Koma doko limodzi lolephereka chifukwa cha nyengo muli kale panyanja, ngati mmene zimachitikira kawirikawiri pa St Peter Port ku Guernsey, pamenenso amatsika ndi ma tender, nkhani yake ndi yomweyi ya achemwaliwa. Ndipo si nyengo yokha imene imachotsa madoko. Mu 2022 makampani anachotsa St Petersburg pa maulendo a ku Baltic chifukwa cha nkhondo ya ku Ukraine, ndipo mu 2024 sitima zambiri zinaleka kudutsa Red Sea n'kumazungulira kuno ku Cape.

Tibwere ku zotseka za tsiku la pa Maputo, chifukwa apa pali zifukwa zosiyana ndipo si zonse zimene ndingaziikire kumbuyo.

Mashopu ndi kasino, imeneyo si nkhanza ya kampani. Katundu wa m'mashopu aja, mafuta onunkhira, mawotchi, mowa wa m'mabotolo, fodya, amagulitsidwa wopanda msonkho. Sitima ikalowa m'madzi a dziko, malamulo a kasitomu a dzikolo amayamba kugwira ntchito, ndiye mashopu amakhomedwa mpaka itatuluka. Juga nayonso chimodzimodzi, dziko lililonse lili ndi malamulo ake ndi ziphaso zake. Malire a madzi a dziko ndi mamailosi a panyanja 12 kuchokera kugombe, pafupifupi makilomita 22. N'chifukwa chake madzulo sitima ikanyamuka pamapita kanthawi, kenako mumangoona zitseko za mashopu zikutseguka, makina a juga ayamba kulira. Kunena zoona, kutseka kwa kasino kumene kuja mwina kunakupulumutsirani ndalama ya basi ya amayi yobwererera.

Dziwe lotchingidwa ndi ukonde, kapena mbali ina ya pamwamba atamangapo chingwe, imeneyo ndi ntchito yokonza. Sitima zimenezi sizipuma: anthu akutsika m'mawa pa Durban, masana ena akukwera. Mchere umadya chitsulo usiku ndi usana. Nthawi yokhayo yopaka penti, kupala matabwa ndi kukhuthula dziwe n'kulitsuka ndi pamene anthu ambiri ali kumtunda.

Mwina munamvanso mabelu akulira cha m'ma 10 koloko, ogwira ntchito atavala majekete oyandamitsa akuthamangira uku ndi uku, bala ina n'kutsekedwa kwa ola. Lamulo limafuna kuti m'sitima zonyamula anthu ogwira ntchito aziyeserera za moto ndi zothawa m'sitima sabata iliyonse, ndipo maboti opulumutsira anthu azitsitsidwa m'madzi n'kuyendetsedwa kamodzi pa miyezi itatu. Zimenezi zimachitika bwino sitima itaima padoko. Chiyambire ngozi ya Costa Concordia ku Italy mu January 2012, imene inapha anthu 32, nkhani ya kuyeserera sachita nayo masewera.

Lesitilanti yaikulu kusatsegula masana, apa ndiye pali ziwiri. Mbali ina ndi kupuma kwa antchito. Pangano la Maritime Labour Convention la 2006 limati wogwira ntchito m'sitima apume maola osachepera 10 pa maola 24 alionse, ndi 77 pa sabata. Munthu amene anakupatsani chakudya chamadzulo mpaka 11 koloko usiku ndi yemweyo amene munamuona pa kadzutsa 6 koloko. Palibe Sabata, palibe Lamulungu, miyezi isanu ndi umodzi kapena kuposa. Maola atatu a masana a tsiku la padoko ndi pamene timagona, kuchapa, kapena kuthamangira kumtunda kukasaka intaneti yotchipa kuti tiyankhule ndi ana kunyumba. Koma mbali ina, tisanamizane, ndi kuchepetsa ndalama zowononga. Amawerengera kuti anthu ambiri atsika, ndiye amangosiya bufe. Akalakwitsa kuwerengera, mwachitsanzo kunja kukugwa mvula anthu ambiri osatsika, bufe imadzaza mpaka kusowa pokhala, ndipo munthu wachikulire kuyenda ndi mbale m'chikhamu chotere n'chinthu chosayenera. Ngati ndi zimene zinawachitikira amayi, zilembeni m'kalatamo. Dandaulo limenelo ndi lomveka kuposa la chilumba. Ndipo mukadzakweranso, uzani woperekera zakudya aliyense kuti mayiwa sangathe kuima pamzere. Tinkawakhazika pansi n'kuwatengera chakudya, inali ntchito yathu, koma anthu akwathu timachita manyazi kupempha.

Pepala lija la ndondomeko ya tsiku limene amaika m'chipinda usiku uliwonse, kapena pa app, limalemba zonse zimene zitsegulidwe mawa ndi maola ake. Ambiri amalipanga chokupizira mphepo.

Mukadzafuna kuyesanso, funsani funso limodzi musanalipire: malo amene tikaimewo, sitima imakocheza padoko kapena ndi za ma tender? Portuguese Island, Pomene ndi Mossel Bay ndi za ma tender. Maputo, Walvis Bay, Gqeberha ndi Cape Town sitima imagunda pakhoma mumatsika ndi miyendo, ngakhale kuti ku Cape Town mphepo ija ya kum'mwera chakum'mawa ikalusa doko limatsekedwa ndithu, sitima n'kudikira kunja. Kwa amayi a miyendo yovuta ine ndingasankhe ulendo wa madoko enieni, ngakhale nyanja itakhala bata, chifukwa pa Portuguese Island ngakhale mukanatsika, pali mchenga wotentha woti muyendepo ndithu. Ndipo amene mukuganiza zokachitira chinkhoswe kapena kujambulitsa za ukwati pachilumba chimenechi, ndinaonapo mkwatibwi akulira pa reception diresi lili m'manja.

Achemwali, pezani bilu ija ndi invoice, mujambule mizere ya msonkho wa madoko ndi ya maulendo apamtunda, mubise nambala ya khadi, munditumizire ku inbox. Lachitatu sindili ku ntchito, tidzalembera limodzi imeloyo. Amayi muwapatse moni, muwafunsenso ngati chizungulire cha m'sitima chatha, chifukwa ena amamva ngati pansi pakugwedezeka masiku angapo atatsika.