Munthu mmodzi, marekodi awiri, nditani?

FUNSO: Akulu, ndili ndi mafayilo awiri a makasitomala koma munthu yemweyo akupezeka kawiri, apa dzina lalembedwa ndi L uko ndi R, adiresi nayonso inasintha. Kompyuta ingadziwe bwanji kuti ndi mmodzi?

YANKHO: Ngati mafayilo onse ali ndi nambala ya ID basi nkhani yatha, lumikizani pamenepo. Mavuto amayamba ikasowa. Yambani mwakonza kalembedwe kaye, madeti akhale mtundu umodzi chifukwa 03/04 kwa wina ndi Malichi kwa wina ndi Epulo, kenako mufananize dzina, tsiku lobadwa ndi foni pamodzi osati dzina lokha ayi.

Akatswiri awiri a ziwerengero, Fellegi ndi Sunter, anayala masamu a kufananizaku mu 1969: chilichonse chofanana chimapatsidwa mapointi, ndipo dzina losapezekapezeka likafanana limalemera kuposa dzina loti aliyense ali nalo. Mapointi akachuluka ndi mmodzi, akachepa ndi anthu awiri, apakatikatiwo muwaone nokha ndi maso, musachite ulesi apa. Ine bola kusiya rekodi ili pawiri kusiyana nkuphatikiza anthu awiri, mapasa amabadwa tsiku limodzi nyumba imodzi, mudzapezeka ngongole ya uyu mwamusenzetsa mnzake.