Kandege ka mapiko osanjikizana komangira pakhomo: yankho kwa achimwene

Achimwene, mwafunsa ngati nkotheka kuitanitsa kit (zidutswa zopangiratu zoti mulumikize nokha) ya kandege kopepuka ka mapiko osanjikizana, nkukamangira m'galaja, kenako nkumachita nako chipidigori m'mwamba ngati pa vidiyo mwaika ija. Kumangako nkotheka ndithu. Vuto ndi loti mukufuna zinthu ziwiri zomwe zimakokanakokana: kupepuka ndi kulimba.

Ku America, ndege imatchedwa ultralight (yopepuka kwambiri) pansi pa lamulo la zandege lotchedwa Part 103 ngati ili ya mpando umodzi, yosafika mapaundi 254 ikakhala yopanda kanthu, omwe ndi makilogalamu pafupifupi 115, ndipo thanki yake isapyole magaloni 5. Koma ndege yochita chipidigori iyenera kupirira katundu wochuluka ka 6 kuposa kulemera kwake, ndi ka 3 mphamvuyo ikamakankhira mozondoka, kuchokera pansi pa ndege kupita kudenga lake. Ngati mumalemera makilogalamu 70, pa nthawi imeneyo mpando ukunyamula 420. Mapiko nawonso chimodzimodzi.

Apa mpamene kusanjikiza mapiko kumathandiza. Phiko la pamwamba ndi la pansi amawalumikiza ndi timizati komanso mawaya opingasana, ndiye zonse zimagwirana ngati denga la matrasi. Zimalimba popanda kuwonjezera chitsulo chambiri, ndiponso ndege ya mapiko aafupi imagudubuzika msanga m'mwamba. Kuipa kwake, mawaya onsewo amakoka mphepo, liwiro limachepa.

Ya pa vidiyo yanuyo ikuoneka ngati Pitts Special, yomwe Curtis Pitts anaikonza m'ma 1940. Musapusitsidwe ndi kuchepa kwake, si ultralight. Mtundu wa S-1S umanyamula injini ya Lycoming ya mahosipawa 180. Christen Eagle II ya Frank Christensen, yomwe inauluka koyamba mu 1977 nkumagulitsidwa ngati kit, nayonso ndi yolemera. Yoyandikirako ku maloto anu ndi Murphy Renegade ya ku Chilliwack, Canada, ya mapaipi a aluminiyamu okutidwa ndi nsalu, yomwe ambiri amaikamo injini ya Rotax.

Pa nkhani yogwiritsa ntchito mapaipi a kwa owotcherera mageti ndi injini ya njinga yamoto, pepani akulu, apa ndikanitsitsa. Thupi la Pitts ndi la mapaipi a chitsulo chapadera chotchedwa 4130, opyapyala koma olimba zedi, ndipo mapiko ake ndi a mtengo wa spruce wosankhidwa bwino. Nthiti iliyonse ya phiko mumaipanga ndi timitengo toonda ngati pensulo, kutimata ndi guluu pa thabwa la chikombole, kudikira iume, kenako ina. Mukamaliza mumakuta ndi nsalu ya Dacron, kuikunga ndi simbi yamagetsi yoyezedwa kutentha kwake, nkuisokerera ku nthiti iliyonse ndi singano yaitali. Ntchitoyi imadya zaka, osati miyezi. Ndipo omanga ambiri amagwa pa kamtima koti "ndiwonjezereko kachitsulo apa kuti palimbe". Makilogalamu amabwera mwakachetechete choncho, mpaka ndege imalemera kumchira.

Injini nayo ili ndi zake. Ndege ikagona chagada, mafuta ndi oyilo zimathawira kudenga la thanki. Nchifukwa chake amaika kapaipi kofewa kokhala ndi cholemera kunsonga, kotsatira mafuta kulikonse apita. Popanda chimenecho injini imakhosomola nkuzima inu muli mutu pansi.

Ndikanakhala inu, ndikanayamba ndaphunzira kuulutsa ndege ya gudumu lakumchira ndi mphunzitsi, chifukwa timandege totere timavuta potera. Mufunsenso oyang'anira za ndege m'dziko lomwe mukukhala musanalipire kalikonse, popeza Part 103 imagwira ntchito ku America kokha. Bungwe la EAA, la anthu odzimangira okha ndege, lomwe Paul Poberezny analiyambitsa mu 1953 ndipo limasonkhana chaka chilichonse ku Oshkosh, ku America, lili ndi maphunziro ambiri a omanga pa intaneti.

Tandiuzani kulemera kwanu ndi msinkhu wanu kaye, chifukwa malo okhala woyendetsa mu timandege timeneti ndi othina kwambiri.