Kwa mayi amene afunsa za phwando la Halloween kunyumba

Achemwali, funso lanu ndaliona. Mwati mwangobwera kumene kuno ku Glasgow, mwana wanu wa zaka 8 akufuna kuitana anzake a m'kalasi pa 31 Okutobala, koma simukudziwa choti muphike, nyumba muikongoletse bwanji, komanso mtima ukukayika ngati zimenezi si zaufiti. Ine ndalera ana awiri kuno ndipo phwando lotere ndalichititsapo kangapo.

Ndiyambe ndi zimene zikukudetsani nkhawazo. Dzina lakuti Halloween limatanthauza madzulo a tsiku limene mawa lake, pa 1 Novembala, mpingo umakumbukira Oyera Mtima Onse. Miyambo yambiri idachokera konkuno ku Scotland ndi ku Ireland, ku chikondwerero chakale cha Samhain. Anthu ankatsanzikana ndi nyengo yokolola n'kulowa m'nyengo yozizira, ndipo ankakhulupirira kuti usiku umenewo mizimu imayendayenda. Zimenezo sindikubisirani. Lero ana akuno akamati Halloween amaganiza za zovala ndi masiwiti basi. Komabe ife tikudziwa kuti kwathu mawu akuti mfiti si ochezera, pali agogo amene adamenyedwa, ena kuphedwa kumene, chifukwa chowanamizira ufiti. N'chifukwa chake m'nyumba mwanga mwana savala ngati mfiti kapena mzukwa. Ndimalemberatu pa uthenga woitanira kuti abwere atavala ngati nyama, madokotala, ozimitsa moto, chilichonse chosaopsa, ndipo palibe kholo lidandidandaulirapo. Mukaona kuti mtima ukukanabe, musadzikakamize. Mipingo yambiri kuno imakonza phwando la ana usiku womwewo, amalitcha light party.

Zokongoletsa musawonongerepo ndalama. Maungu awiri oti muwaboole nkhope, a ku sitolo za Aldi kapena Lidl, masamba ofiira ndi achikasu amene ayoyoka ku paki, mapepala oti ana adule okha, zakwana. Kale anthu akuno ankaboola chakudya china chobereka pansi ngati mbatata, cholimba kwambiri, chotchedwa neep, dzungu lidabwera pambuyo kuchokera ku America. Mpeni ugwidwe ndi inu, mwana angojambula nkhope ndi kuchotsa zam'kati ndi supuni. Muliboole kutatsala tsiku limodzi kapena awiri, chifukwa m'nyumba yotentha limayamba nkhungu msanga. M'kati mwake musaikemo kandulo yeniyeni, chonde. Gulani timakandulo ta batire. Zovala za m'sitolo zija n'zopyapyala, zimagwira moto m'kanthawi kochepa. Mu 2014 mwana wa Claudia Winkleman, mayi wodziwika pa wailesi yakanema kuno, adapsa kwambiri chovala chake chitakhudza kandulo pa Halloween pomwe.

Tsopano zakudya. Apa ndi pamene ndikufuna mundimvetsetse, chifukwa ndi pamene ife Amalawi tingapalamule tisakudziwa. Tikaona dzungu manja amathamangira kunsinjiro, futali watikumbutsa kwathu. Koma kuno kuli ana amene mtedza pang'ono chabe umawatupitsa pakhosi n'kulephera kupuma, moti ena amayenda ndi jakisoni m'chikwama. N'chifukwa chake masukulu ambiri amakaniza ana kubwera ndi mtedza. Musanagule kanthu kalikonse, lemberani kholo lililonse n'kufunsa zimene mwana wawo sadya. Funsani za mtedza, mazira, mkaka ndi ufa wa tirigu. Ine tsiku limenelo nsinjiro sindiitulutsa n'komwe m'kabati, ngakhale onse atanena kuti ana awo alibe vuto, chifukwa chipande chimodzi chikalowa m'mapoto awiri zathapo. Futaliyo phikani mawa lake mudye nokha pabanja. Ngati mwaitana ana achisilamu, onani kuseri kwa paketi ya masiwiti ofewa aja, ambiri amakhala ndi gelatine wa nkhumba. Ndipo kukabwera timakanda, mphesa muzidule m'litali kuti zisawatsamwitse.

Zimene zimatha msanga kwanga ndi mandasi ang'onoang'ono, zitumbuwa, samusa, mbatata yowotcha mu uvuni ndi pitsa yodula tizidutswa. Maungu akuluakulu oboola aja amadyedwa ndithu koma ndi amadzimadzi, sakoma ngati athu. Mukafuna supu ya makolo amene atsalire kudzacheza, gulani butternut. Nthanga zokha musataye, zitsukeni, zikauma muzikazinge ndi mchere.

Masewera akuno ndi osavuta. Pali dooking: mumathira madzi m'beseni, kuponyamo maapozi, mwana n'kumayesa kugwira limodzi ndi mano manja ali kumbuyo. Yalani mataulo pansi, madzi amatayika ambiri. Enanso amamangirira sikono yopaka manyuchi akuda pachingwe kuti ana aidye osaigwira. Ine ndimamangirira mandasi, ndipo ana a aneba amawafunsa chaka chilichonse.

Chimene ndimakonda kwambiri ku Scotland ndi guising. Mwana akagogoda pakhomo sangotambasula dzanja ayi, amayenera kuyamba waimba nyimbo, kulakatula ndakatulo kapena kunena nthabwala, kenako n'kulandira siwiti. Mwana wanga wamkazi ndidamuphunzitsa kuyamba ndi "Ndagi!", anzake n'kuyankha kuti "Gize!", chilapicho n'kuchinena m'Chingerezi. Mayi wina wachikulire wa m'chipinda cha pansi pathu adachikonda mpaka adachita kumubwerezetsa.

Phwando lisapitirire maola awiri, ndipo ana asanu ndi mmodzi akukwanirani ngati muli nokha wamkulu. Kumbukirani kuti mawotchi amabwezedwa ola limodzi Lamulungu lomaliza la Okutobala, choncho pa 31 mdima umagwa isanakwane 5 koloko. Mukatuluka nawo, muwaveke majekete pamwamba pa zovalazo, mutenge tochi, ndipo muzigogoda pamakomo okhawo amene aika dzungu kapena zokongoletsa panja. Pamene pali zii padutseni, eni ake sakufuna kusokonezedwa. Ngati mukukhala m'nyumba zosanjikizana, auzeniretu aneba dzulo lake kuti kukhala phokoso la ana mpaka cha m'ma 7 koloko.