Mng'ono wanga wamenyedwa ndi kasitomala, nditani?

Mayi wina wanditumizira imelo. Akuti mng'ono wake amagulitsa thupi, ndipo usiku wina kasitomala anamumenya n'kugona naye mokakamiza, popanda kondomu. Kupolisi akukana kupita. Funso lake ndi lakuti: "Ndimukakamize asiye ntchitoyi?"

Achemwali, za kusiyazo zidikire kaye. Ndinakuyankhani tsiku lomwelo kuti muthamange naye kuchipatala, ndipo ndikubwereza pano kuti ena amve. Mankhwala a PEP, oteteza ku HIV munthu akagwiriridwa, amayenera kuyambidwa pasanathe maola 72, ndipo amamwa masiku 28 osadumphitsa. Mapiritsi oletsa mimba pangozi nawo safuna kuchedwa. Auzeni adokotala alembe bala lililonse, inu mujambule ndi foni, zovala za tsikulo musazichape. Zimenezi zikadutsa, afunse za PrEP, mankhwala amene munthu wopanda HIV amamweratu kuti asatenge kachilomboka.

Tsono zokana kupolisizo musamudzudzule nazo. Kumene malamulo amaona ntchitoyi ngati mlandu, wokadandaula amaopa kuti ndiye atsekeredwe. M'maiko ena apolisi amafika potenga makondomu opezeka m'kachikwama ngati umboni, ndiye ena amasiya kuyenda nawo. Anthu ankhanza amazidziwa bwino zimenezi, n'chifukwa chake amasankha amayi otere.

Dziko la New Zealand linachotsa ntchitoyi pa mndandanda wa milandu mu 2003. Mayi wina wa ku Wellington anasumira bwana wa nyumba imene ankagwiramo ntchito chifukwa chomuzunza ndi mawu olaula, ndipo mu 2014 anapambana, nalandira madola 25,000 a kumeneko. Chaka chomwecho magazini ya zachipatala ya The Lancet inasonyeza kuti kuchotsa ntchitoyi pa mndandanda wa milandu kungachepetse kufala kwa HIV pakati pa amayi oigwira ndi makasitomala awo ndi 33 mpaka 46 peresenti m'zaka khumi. Ku Sweden, kuyambira 1999, amalanga wogula yekha. Zimamveka zabwino, koma ine sizinditsika mtima: kasitomala wamantha safuna kutchula dzina, amafuna kumdima, ndipo mayi sapeza mpata womuyang'anitsitsa asanakwere galimoto.

Malamulo sasintha lero ndi lero, koma anzake alipo. Ku Sonagachi, dera la ogulitsa thupi mumzinda wa Kolkata ku India, kuyambira 1992 amayi ankaphunzitsana okhaokha mpaka anagwirizana chimodzi pa kondomu: kasitomala wokanidwa pakhomo ili chifukwa chokana kondomu asakalandiridwe pakhomo linalo. Mng'ono wanu afufuze gulu lotere. Iwo ndiwo amadziwa namwino amene sanyoza, loya wothandiza mwaulere, ndi nkhope za makasitomala oopsa. Akadzafuna kukadandaula, asadzapite yekha.

Mawu akuti hule asatuluke pakamwa panu ngakhale mutapsa mtima chotani, chifukwa akangowamva sadzakuuzaninso kanthu. Mugwirizane kuti akamachoka ndi munthu azikutumizirani nambala ya galimoto, dzina la malo ndi nthawi yobwerera. Nthawiyo ikapitirira, muimbireni. Akapanda kuyankha kawiri, dzukani.