Kodi kompyuta idzaweruza mlongo wanga?

FUNSO: Achimwene, ndine mayi wa ku Zolozolo muno mu Mzuzu, ndimagulitsa tomato ndi anyezi. Mlongo wanga ali pa limandi, uno ndi mwezi wachisanu, mlandu osayamba. Tikapita kukhoti lero akuti fayilo sikuoneka, tsiku lina akuti womasulira sanabwere. Ndinamva pa wailesi akuluakulu akukamba zoti AI, ati nzeru za kompyuta zotsanzira kuganiza kwa munthu, ingathandize m'makhoti. Ndiye kuti kompyuta ndiyo idzamuweruze? Nanga Chitumbuka imachimva?

YANKHO: Pepani mayi, miyezi isanu si masewera. Koma mtima m'malo, kulibe kompyuta yomwe ivale mkanjo n'kukhala pampando wa majisitireti.

Anthu okonza malamulo akamakamba za AI m'makhoti amaigawa nkhaniyi pawiri. Pali ntchito ya kalaliki: kusunga mafayilo, kuika masiku a milandu, kulemba zomwe mboni zanena, kufufuta mayina a ana m'zigamulo zisanatuluke. Ndiye pali ntchito ya woweruza: kuyeza umboni, kupereka belo, kugamula. Lamulo la AI lomwe mayiko a European Union anakhazikitsa mu 2024 linatsata malire omwewa. Makina othandiza woweruza kusanthula umboni ndi malamulo anawaika m'gulu la zinthu zoopsa zofunika kuziyang'anira kwambiri, pamene ntchito za muofesi chabe sanaziikemo.

Manthawa ali ndi gwero lake. Ku New York mu 2023 maloya ena anapereka kukhoti zigamulo zakale zomwe pulogalamu ya AI yotchedwa ChatGPT inangopeka, milandu yoti sinachitikepo, ndipo anawalipiritsa madola 5,000. Ku America komweko kuli pulogalamu ya COMPAS yolosera ngati munthu angadzapalamulenso. Mu 2016 atolankhani a ProPublica anapeza kuti inkawanamizira anthu akuda kuti ndi oopsa kawirikawiri kuposa azungu. Makinawa amaphunzira kuchokera ku zolembedwa zakale, tsankho likakhalamo amalimezera limodzi.

Ine chomwe ndimafuna akuluakulu athu atamvetsa n'chaching'ono kuposa zonsezi, ndipo mlongo wanu chikumukhudza. Malamulo aakulu a dziko lino, gawo 42, amati munthu akamangidwa aonekere kukhoti pasanathe maola 48. Lamulo la kazengedwe ka milandu limaikanso malire a limandi mlandu usanayambe: masiku 30 pa milandu ya kwa majisitireti, masiku 90 pa ikuluikulu monga kupha, ndipo khoti likhoza kuwonjezerapo pang'ono likapemphedwa. Funso langa n'lakuti, akuwerenga masikuwa ndani? Kalaliki ali ndi mafayilo mulu mpaka kudenga. Apa ndiye pofunika makina, oti m'mawa uliwonse azimuuza woweruza kuti uje masiku ake akwana. Kunena zoona izi sizilira n'komwe nzeru zapatali, koma kaundula wa pakompyuta wosamalidwa bwino. Vuto n'lakuti mawu oti AI amakoma pamsonkhano wa kunyanja kusiyana ndi mawu oti sikana ndi jenereta.

Ndipo AI singawerenge fayilo yomwe yasowa. Makhoti athu ambiri woweruza amalemba yekha ndi cholembera zonse zomwe zikunenedwa. Mapepala amenewo akapanda kulowa kaye mu kompyuta, makina alibe podyera. Poyambira palipo ndithu: mu 2024 nthambi ya makhoti mothandizidwa ndi bungwe la United Nations la UNDP inakhazikitsa e-Court, yolumikiza makhoti, polisi ndi ndende pakanema, kuti mlandu usalephereke chifukwa galimoto ilibe mafuta. Zigamulo zambiri zilinso pa MalawiLII pa intaneti. Chaka chomwecho kunabwera lamulo loteteza zinsinsi za anthu zosungidwa pamakina, lomwe woliyang'anira ndi MACRA, ndipo m'mafayilo a khoti ndi momwe muli zinsinsi zenizeni.

Za Chitumbuka mwafunsa bwino kuposa akatswiri ena omwe ndawamvapo. Makinawa amathyola Chingerezi chifukwa anawerenga zolembedwa zosawerengeka. Chichewa amachita chokwawa nacho, Chitumbuka ndiye kaya, osanena Chitonga cha ku Nkhata Bay, Chinkhonde cha ku Karonga kapena Chilambya cha ku Chitipa, zomwe zonse zimamveka m'makhoti a kuno kumpoto. Womasulira akaphonya, loya kapena wachibale amadzuma, majisitireti n'kufunsanso. Makina akaphonya amalemba bodzalo mwaukhondo, ndipo likalowa mu rekodi lidzamutsata munthu mpaka pa apilo. Gawo 42 lomwe lija limamupatsa mlongo wanu ufulu womasuliridwa m'chiyankhulo chomwe amamva, boma ndilo lilipire.

Musadikire AI, mayi. Sabata ino siyirani mnzanu benchi ya tomato, mupite ku ofesi ya Legal Aid Bureau muno mu Mzuzu mukawafotokozere, apemphe belo chifukwa masiku apitirira. Mutenge nambala ya mlandu, dzina la polisi komwe anamutsekera koyamba, ndi tsiku lomwe anamangidwa.