Mwana akufuna ntchito ya mbewa zowala: ayambire pati?

Mayi wina wa ku Ulónguè, m'boma la Angónia, watifunsa kuti: "Mwana wanga wamkazi ali m'kalasi 12. Anaona pa intaneti zithunzi za mbewa zowala pamimba, akuti ndi kafukufuku wa khansa ya chikhodzodzo, ndiye wakakamira ntchito imeneyo. Kodi ingamudyetse? Aphunzire chiyani?"

Mayi, ntchitoyi ilipodi, koma chithunzi chowalacho chimabwera kumapeto kwa ntchito ya manja ya miyezi ingapo. Mbewa zake si zokumba kumunda zija timadyera nsima. Ndi zoweta mu labu, zofanana chibadwa, monga mtundu wa C57BL/6. Ena amazimwetsa madzi okhala ndi mankhwala oyambitsa khansa otchedwa BBN pa mlingo wa 0.05% kwa masabata 12 kapena kuposerapo mpaka khansa itamera. Ena amalowetsa maselo a khansa, monga a MB49, m'chikhodzodzo mwenimwenimo. Amasankha zazikazi chifukwa njira yake ya mkodzo ndi yaifupi. Mbewa amaigoneka ndi mankhwala ogonetsa otchedwa isoflurane, amaifinya mkodzo, amalowetsa kapaipi kakang'ono, amayamba athiramo mankhwala a poly-L-lysine kuti maselo amatirire, kenako maselowo m'timadzi tokwana mamaikulolita pafupifupi 50. Mbewayo ikakodza msanga, chotupa sichimera. Wothirayo akakankha mwamphamvu, timadzito timakwera ku impso ndipo chotupa chimakamera kosayenera.

Kuwalako kumachokera ku puloteni yomwe amaika m'maselo a khansawo, monga GFP, yomwe inapezeka m'kanyama ka m'nyanja kotchedwa Aequorea victoria, ndipo inapezetsa asayansi atatu mphoto ya Nobel mu 2008. Mukaiunikira ndi kuwala kwa buluu, imabweza kobiriwira. Vuto ndi lakuti chikhodzodzo chili mkati, ndipo magazi ndi khungu zimameza kuwala kobiriwirako, n'chifukwa chake ambiri amakonda kubaya mbewa utoto umene kuwala kwake kumadutsa magazi ndi khungu mosavuta. Ubweya wakuda amaumeta. Chakudya chokhala ndi chomera cha alfalfa chimawalitsa matumbo, ndiye amachisintha kukadali masiku. Msampha woipitsitsa ndi utoto umene umatuluka ndi mkodzo: chikhodzodzo chimawala bwinobwino mulibe chotupa. Wofufuza wosamala sakhulupirira chithunzi asanadule kachidutswa ka chikhodzodzocho n'kukaona pa maikulosikopu.

Kuno ku Tete nkhaniyi si yachilendo. Likodzo, lomwe ana amalitenga posamba m'mitsinje ndi m'madamu okhala ndi nkhono, limayamba ndi nyongolotsi ya Schistosoma haematobium, ndipo bungwe la padziko lonse lofufuza za khansa la IARC linaiika m'gulu la zoyambitsa khansa mu 1994. Mazira ake amakanirira m'khoma la chikhodzodzo n'kumalitupitsa kwa zaka, mpaka ena kudwala khansa ya mtundu wa squamous, yosiyana ndi yofala ku Ulaya yomwe kwambiri imayamba ndi fodya. Mbewa zambiri za mu labu zimatsanzira ya ku Ulayayo. Nyongolotsiyi ikalowa mwa mbewa sikhazikika m'chikhodzodzo, moti mu 2012 ofufuza a ku Stanford anachita kubaya mazira ake m'khoma la chikhodzodzo cha mbewa. Ife tikuona kuti mpata wa mwana wanu uli pamenepa, chifukwa nthendayo wakula akuiona.

Tsopano za sukulu. Alimbikire Biologia ndi Química, pakuti ndizo amalemba pa mayeso olowera maphunziro a zaumoyo, koma asataye masamu: wosadziwa kuwerengetsa kuti pakufunika mbewa zingati amangopha nyama pachabe, ndipo komiti yoona za chisamaliro cha nyama siimuloleza. Makomo ndi atatu. Pali udokotala kapena Farmácia ku UniZambeze, yomwe nthambi yake ya zaumoyo ili mumzinda wa Tete. Pali Biologia kapena Veterinária ku Universidade Eduardo Mondlane ku Maputo, ndipo Veterinária anthu amaiderera pomwe imaphunzitsa kugwira nyama, kuigoneka ndi kuiona m'kati. Pali kosi ya técnico de laboratório, yaifupi komanso yotsika mtengo, yomwe imapatsa ntchito ya kuchipatala msanga.

Digiri yoyamba yokha siimufikitsa pa makina ojambulira mbewa zowalazo. Amapezeka m'mayunivesite akuluakulu, makamaka kunja, choncho pamafunika mestrado ndi doutoramento, nthawi zambiri pa bolsa. Chipwitikizi chimamutsegulira Brasil ndi Portugal, koma zolemba za kafukufukuyu pafupifupi zonse ndi za Chingerezi, achiyambe chaka chino. Ali ku yunivesite afunefune estágio ku Instituto Nacional de Saúde ku Marracuene kapena kumalo ofufuzira zaumoyo a CISM ku Manhiça, ndipo pulogalamu yoyezera zithunzi ya ImageJ, yomwe ndi yaulere, angaiphunzire pa kompyuta iliyonse.

Pa funso lanu la kudya, malo a ofufuza ndi ochepa ndipo ambiri amadalira ndalama za pulojekiti, zomwe zimatha. Mulimbikitseni asankhe kosi yoti ngakhale bolsa itachedwa azikhala ali pa ntchito ku labu ya chipatala, kuyeza mkodzo ndi kukonza zidutswa za zotupa, maluso omwewo amene aphunzitsi a kunja amafunsa polandira wophunzira.